Moni sanathe ntchito, makamaka muno mu Lusaka

Loweruka lina m'mawa ndinaima pa kantemba ka kwathu ku Mtendere ndikusankha tomato. Panafika mnyamata wovala bwino, mahedifoni ali m'makutu, n'kuponya K20 pathebulo. "Mazira asanu," anatero. Mayi wogulitsayo, munthu wamkulu ndithu, imvi zikusuzumira m'mphepete mwa duku, anayang'ana ndalamayo, anayang'ana mnyamatayo, kenako anafunsa mosakweza mawu: "Kodi tinagona nyumba imodzi, mwananga?" Mnyamatayo anachotsa hedifoni imodzi n'kuyankha kuti iye wabwera kudzagula, sanabwere kudzacheza, ndipo ngati mazirawo sali pamalonda, tuntemba tilipo tambiri. Anatola ndalama yake n'kumapita. Ife otsala tinagawikana pomwepo. Bambo wina anati mayiwo adzadzipha okha ndi njala chifukwa kasitomala sakalipiridwa. Mtsikana wina anati akuluakulu a masiku ano amafuna kupembedzedwa ngakhale pa mazira. Ena tinati mayiwo sanalakwe. Mkangano womwewu ndi umene umabuka kawirikawiri m'mapulogalamu oimba foni pa wailesi, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp: kodi moni, kugwada, kuodira pakhomo ndi kunena "inu" zidakali ndi malo mumzinda, kapena ndi katundu wa kumudzi amene tinayenera kumutula pa mlatho wa Luangwa pobwera kuno?

Ine ndili kumbali ya mayi aja, ndipo ndinene msanga chifukwa chake. Ulemu wakale uja, woyamba wapereka moni usananene chimene wadzera, ukufunika kwambiri muno mu Lusaka kuposa kumudzi kumene unachokera. Ku Katete kapena ku Chadiza aliyense amadziwa kuti ndiwe mwana wa ayani, mdzukulu wa ayani. Ukadutsa munthu osamulonjera walakwa ndithu, koma ubale sunaduke, chifukwa mawa mukumana kuchigayo, kumjigo kapena pamaliro. Muno zinthu n'zina. Kalembera wa 2022 anapeza kuti boma la Lusaka lokha lili ndi anthu oposa 2 miliyoni, ndipo ambiri mwa amene ndimakhulana nawo mapewa kuchokera pa Kulima Tower kukafika ku Soweto sindidzawaonanso moyo wanga wonse. Pakati pathu palibe nyakwawa, palibe malume wotikhazika pansi tikayambana. Chatsala chouza mnzako kuti wamuona kuti ndi munthu, sunaone thebulo la mazira lokha kapena chitseko cha basi, ndi timawu tiwiri titatu tomwe tija. Komabe ndikuikapo mfundo imodzi imene ndibwererekonso kutsogoloku: ulemu umene ndikuuikira kumbuyo ndi woyenda mbali zonse, wokwera kupita kwa akulu ndi wotsikira kwa ana, kwa antchito ndi kwa osauka. Wongokwera wokha uja ndi msonkho, ndipo amene akuukana sindikuwaimba mlandu.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi ya nthawi, ndipo si yopepuka. Amati moni wa kumudzi unapangidwira anthu okhala pamthunzi wa mango, ofunsana za mvula, za ana ndi za ng'ombe mpaka dzuwa kupendeka. Munthu wa ku Kanyama kapena ku Chawama amene amadzuka tambala asanalire kuti apeze basi mzere usanatalike, n'kukatha ola lathunthu pa mpanipani wa magalimoto pa Kafue Roundabout, sangamafunse aliyense za kunyumba. Ndikuvomereza kuti moni wautali uja sungatheke potumiza ndalama pa kabuthi ka Airtel kapena MTN anthu khumi ali kumbuyo kwako. Koma palibe amene akupempha zimenezo. Mayi a mazira sanafune kufunsidwa za ng'ombe. "Mwauka bwanji, amayi" ndi mawu osatenga ngakhale masekondi atatu, pamene mnyamata uja anataya mphindi zingapo kukafunafuna kantemba kena. Kunena zoona, chimene chimatidyera nthawi mumzinda muno ndi mwano. Aliyense wokwera minibasi anaonapo basi itaima pambali pa msewu chifukwa kondakitala wauza mayi wina kuti "iwe, fendela uko," mayiyo wabweza, ena alowererapo, dalaivala wazimitsa injini kuti nayenso anene zake, ndipo anthu onse akuchedwa kuntchito. Aliyense anaonaponso kondakitala wina, wa msinkhu womwewo, pa njira yomweyo, amene amati "zikomo amayi, tasenderani pang'ono akhale anzanu," anthu anayi n'kukwana pampando popanda liwu. Chenji ikasowa amapepesa, anthu n'kumudikira mpaka apeze. Basi yake imafika m'tauni msanga.

Phunziro lomweli tinaliona m'misewu mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, magetsi n'kumazima maola ambiri pa tsiku. Maloboti ambiri anangoti zii. Pamphambano yopanda loboti ndiponso yopanda wapolisi, chimene chimayendetsa magalimoto ndi kulolerana basi. Pamene dalaivala mmodzi wakodola mnzake kuti adutse, winayo n'kukweza dzanja kuthokoza, msewu unkayenda, pang'onopang'ono koma unkayenda. Pamene aliyense anakankhira mphuno ya galimoto yake kutsogolo poopa kutaya masekondi asanu, onse ankamangana mfundo, mahutala n'kumalira theka la ola osasuntha.

Mfundo yachiwiri ndi imene ndikufuna kukhalapo nthawi, chifukwa ndi yolemera kuposa zonse, ndipo amene amainena nthawi zambiri ndi anthu amene anapwetekedwapo. Amati mawu oti "ulemu" asanduka bulangete lofunditsira nkhanza. Mtsikana amaphunzitsidwa kugwada popereka madzi kwa mwamuna wake, kuzolika akamalankhula, kusatulutsa za m'nyumba kunja. Ndiye tsiku limene mwamunayo wamumenya, mwambo womwewo umamutseka pakamwa. Alangizi ena amaphunzitsa kupirira kokhakokha osatchula pamene kupirirako kuyenera kuthera. Mwana amauzidwa kuti wamkulu salakwa ndipo sayankhidwa, ndiye wachibale kapena mphunzitsi akamuchita zoipa, mwanayo amasowa poyambira, ndipo akalimba mtima n'kuulula amatchedwa wamwano. Ku ofesi wantchito wamng'ono amaona ndalama zikusowa koma sangatsegule pakamwa chifukwa abwana ndi akulu. Zonsezi n'zoona. Sindingazichepetse, ndipo woteteza mwambo aliyense amene amazikana akuteteza mbali yowola ya mwambowo. Dziko lathu linachita bwino kuika malamulo: lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi la 2011, la ana la 2022 loletsa kulanga mwana pomumenya, ndi kusintha kwa lamulo la ukwati mu 2023 kumene kunatseka khomo lokwatitsa mwana wosafika zaka 18 ngakhale pa ukwati wachikhalidwe. Malamulo amenewa anafunika chifukwa m'nyumba zambiri ulemu unkatanthauza kuti wamng'ono akhale chete.

Koma funso n'lakuti, kodi chimene chinapweteka anthu amenewa ndi moni? Kodi mtsikana amene waleka kunena "zikomo" kwa mlonda wa pageti watetezeka ku nkhanza? Ayi ndithu. Chinawapweteka ndi ulemu woyenda mbali imodzi uja, ndipo ine ndikukana zoti umenewo ndiwo mwambo weniweni wa Achewa. Tayang'anani mmene tinakulira. Agogo anga ankaitana mng'ono wanga wa zaka zinayi kuti "abambo" chifukwa anapatsidwa dzina la malemu bambo awo, ndipo ankamupatsa mbatata yootcha ndi manja awiri. Mkamwini ndi apongozi ake amapatsana "inu" ndi kupatukirana njira onse awiri, ngakhale mmodzi ndi wamkulu ndi zaka 30. Mwamuna wolongosoka satchula mkazi wake dzina pagulu ngati akuitana kamwana, amati "amake auje". Mlendo akafika, mwininyumba ndiye amathamanga kukamulandira katundu, n'kumupatsa mpando iye n'kukhala pansi. Mwana wamkazi akatha msinkhu, bambo ake omubereka amaleka kulowa kuchipinda kwake. Onsewa ndi malamulo omanga wamkulu. Ngakhale pamwamba penipeni zili choncho. Ku Mkaika, pa mwambo wa Kulamba Loweruka lomaliza la Ogasiti, mafumu ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, anthu amene kwawo amagwadiridwa, nawonso amadzichepetsa pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Ndipo mayina a mpandowo ndi ntchito zimene wokhalapo ayenera kuchitira anthu: Kalonga ndi wolonga mafumu, Gawa ndi wogawa malo, Undi ndi wofungatira anthu ake. Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Wamkulu amene iye ndiye akuyatsa moto m'nyumba sangatenge mwambi umenewu n'kuuyesa chishango, chifukwa mwambiwo ukumuweruza iyeyo. Choncho mankhwala a ulemu wopotoka ndi kuuwongola kuti utsikirenso pansi, monga unalili. Kuutaya wonse kungomusiya mwana uja ali wosatetezeka ngati kale, n'kumulandanso kakang'ono kamene kakanamuthandiza kukhala bwino ndi anthu.

Nanga kugwada? Apa ndi pamene mkangano umatentha kwambiri, ndipo sindibisa mbali yanga. Mmene ndimaonera, kugwada kuli ndi nzeru pamene munthu amene ukulankhula naye wakhala pansi, pamphasa kapena pa kampando kafupi. Kumuimirira pamutu n'kumalankhula naye uli m'mwamba ndi kumupondereza, n'chifukwa chake amuna nawonso amanjuta ndi kuomba m'manja akafika pabwalo. Agogo akakhala pamphasa panyumba ya maliro, ine ndimanjuta, mwana wanga wamkazi amagwada, ndipo wamwamuna naye ayenera kutsika chimodzimodzi. Koma namwino sayenera kugwadira dokotala mu wodi, ndipo mlembi sayenera kugwada popereka fayilo kwa abwana amene akhala pampando wozungulira. Dziko limene linakhala ndi Inonge Wina ngati wachiwiri kwa pulezidenti kuyambira 2015, kenako Mutale Nalumango kuyambira 2021, ndiponso Nelly Mutti ngati sipikala wa Nyumba ya Malamulo, silingamaphunzitse atsikana okha kutsika anyamata ataimirira manja ali m'thumba. Amene akufuna kuti kugwada kukhalebe ayambe ndi ana aamuna, ndipo adzaona kuti atsikana ambiri sadzakukananso.

Izi zikundifikitsa pa chinthu chimene anzanga odandaula za achinyamata sakonda kumva. Ana athu sanatole mwano m'foni mokha. Ambiri anauphunzira patebulo la kunyumba. Ndinachezapo kunyumba ina kumayadi, kwa bambo wolemekezeka kutchalitchi kwawo, amene madzulo onse ankadandaula kuti ana a masiku ano alibe mwambo. Nkhani ili m'kati anatembenuka n'kufuulira mayi wantchito wa m'nyumbamo, mayi wa zaka zoposa 50 woyenda pansi tsiku lililonse kuchokera ku Ng'ombe, wokhala ndi zidzukulu zake: "Iwe! Madzi aja ali kuti?" Mayiwo anabwera ndi beseni ndi jagi, anagwada, bamboyo n'kusamba m'manja osawayang'ana n'komwe, nkhani ya kupanda mwambo kwa ana ikupitirira. Mwana wawo wa giredi 5 anali pomwepo, maso tong'o. Patapita kanthawi ndinamva kamwanako kukhitchini kakuti, "Iwe, ndipatse juwisi." Nsima ya tsiku limenelo inandikanika kumeza. Mwana ameneyo akadzakula n'kukaponya K20 pathebulo la mayi wa mazira, tidzati foni yamuwononga, tidzati sukulu sizikuphunzitsa. Chimodzimodzi timati makondakitala ndi anyamata oitanira mabasi ndi amwano, ndipo ena ndi amwanodi. Koma ndi angati mwa ife amene amalonjera kondakitala pokwera? Ndi angati amene amati "inu" kwa wokankha wilibala ku Soweto, kwa wotola zinyalala, kwa mlonda amene wagona panja usiku wonse wa Juni kulondera galimoto yathu? Mnyamata amene kuyambira m'mawa mpaka usiku amatchedwa "iwe" ndi anthu mazanamazana, ena n'kumamutchanso wakuba chifukwa cha K1, tisadabwe akabweza chimene tamupatsa.

Mfundo yachitatu imati Lusaka si mudzi wa Achewa, ndiye tikamati ulemu, ndi ulemu wa yani? Otsutsawa sakunama. Malo ano ndi a Asoli ndi Alenje. Likulu linasamukira kuno kuchokera ku Livingstone mu 1935, ndipo Chinyanja chinafala chifukwa cha anthu a kum'mawa obwera kudzafuna ntchito ndiponso chifukwa chinali chilankhulo cha apolisi. Chinyanja cha m'tauni lero chasakanikirana ndi Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi, ndipo m'nyumba zambiri bambo ndi wa ku Mongu, mayi wa ku Petauke, ana osadziwa bwino chilankhulo cha mbali iliyonse. M'dziko limene timati muli mitundu 73, palibe mtundu umodzi umene ungalamule ina kagwadidwe kake. Ndikuvomereza. Komabe tikafunsa mitundu imeneyi umodziumodzi, yankho likubwera lofanana. Mbemba ali ndi "mukwai" wake, Mlozi ali ndi "sha" ndi kuomba m'manja kwake, Mkaonde ndi Mluvale ali ndi "mwane". Ngakhale anyamata a mu komboni amene amati za miyambo alibe nazo ntchito amaika "ba" patsogolo pa dzina la munthu amene akumulemekeza, ndipo amadziwa bwino lomwe tanthauzo lake akamuchotsa. Pa zaka zonse zimene ndakhala muno sindinakumanepo ndi mtundu umene umaphunzitsa ana kulowa m'nyumba ya eni osaodira, kulandira mphatso ndi dzanja lamanzere, kapena kudumpha miyendo ya munthu wokhala pansi. Kusakanikirana kwa mitundu ndiye chifukwa chenicheni chogwiritsitsa zochepa zimene tonse timagwirizana.

Mzinda uno unasonyeza kale kuti umatha kusoka miyambo ya mitundu yosiyana n'kukhala chovala chimodzi. Chitsanzo chake ndi chimbuya. Angoni ndi Abemba anamenyana nkhondo m'zaka za m'ma 1800, koma lero pamaliro a munthu wa kum'mawa Abemba ndiwo amapaka anthu ufa woyera, amaseleula ofedwa, amasonkhetsa ndalama ndi kuthandiza kuphika, ndipo pamaliro a Mbemba ife timachita chimodzimodzi. Mlendo wosadziwa angaone ngati mwano wa mtima bii. Koma chimbuya chili ndi malamulo ake: umadziwa amene ungamuseleule, umadziwa polekezera, ndipo ukaseleula uyeneranso kugwira ntchito ndi kugona panja pamoto pamodzi ndi ofedwa. Udani wakale unasanduka udindo. Umenewo nawo ndi ulemu, ndipo m'makomboni a Lusaka ukugwirabe ntchito mpaka lero.

Pali ena amene amati ulemu ndi chinyengo, kuti wakuba ndiye amadziwa kunena "bwana" mokoma, ndipo mumzinda kuyankha moni wa munthu wosamudziwa ndi kuitana tsoka. Apa sinditaya nthawi. N'zoona kuti tsinzinantole amafika ndi moni wautali, koma iye amabera moni chifukwa moni ndi wamtengo, monga momwe opanga ndalama zachinyengo amakopera K100 yeniyeni. Palibe amene anasiya kugwiritsa ntchito ndalama chifukwa kuli zachinyengo. Mtsikana amene akuyenda yekha madzulo ali ndi ufulu wonse wosayankha mwamuna womuitana panjira, ndipo mwamuna waulemu amadziwa zimenezo n'kumusiya adutse. Kuyankha moni sikutanthauza kupereka nambala ya foni kapena kutsegula chikwama.

Chimene otsutsa ambiri amaiwala n'chakuti ulemu umasintha zovala popanda kufa, ndipo ife a mu Lusaka taona zimenezi ndi maso. Tili ana, beseni limodzi la madzi linkazungulira, kuyambira kwa wamkulu mpaka kwa wamng'ono, wotsiriza n'kusamba m'madzi akuda. Kolera itavuta mu 2017 ndi 2018, ndiponso itabweranso kumapeto kwa 2023 mpaka bwalo la masewero la National Heroes kusanduka chipatala mu Januwale 2024, sukulu n'kuchedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale, nyumba zambiri zimene zinali zisanasinthe zinasiya beseni lozungulira. Tsopano mwana amathirira madzi kuchokera mu jagi, sopo ali pambali. Koma amayambabe ndi mlendo ndi wamkulu, amatsikabe pothirira, ndipo wothiriridwa waulemu amatibe "zikomo". COVID-19 itafika mu Malichi 2020 tinaleka kugwirana chanza, ndipo anthu ambiri anabwerera ku zimene agogo ankachita kale, kuomba m'manja chapatali kapena kuika dzanja pachifuwa. Palibe amene anamva kuti wanyozedwa. Izi zikusonyeza kuti mtima wa mwambowo sunali mu beseni kapena m'chanza. Ndiye pamene wina akuti "zinthu zinasintha," ndimamuvomereza, kenako ndimamufunsa kuti m'malo mwa chakalecho waikamo chiyani. Mnyamata wa mazira uja sanaikemo kalikonse.

Malo amene ulemu ukutha mofulumira, mmene ndikuonera, ndi m'foni, makamaka pa nkhani ya maliro. Kwathu uthenga wa imfa uli ndi njira yake. Umayambira kwa eni mbumba ndi kwa mfumu, ndipo wopita kukauza mayi a malemu sapita yekha, sanenanso ali chiimire pakhomo. Amakhala pansi, amayamba wanena kuti matenda akula, amadikira kuti pafupi pakhale amayi ena oti agwire woferedwayo akamagwa. Akale sankachita zimenezi chifukwa chosowa foni. Ankadziwa kuti mawu ena amathyola munthu miyendo. Lero munthu akatsirizika kuchipatala 10 koloko, isanakwane 11 chithunzi chake chili kale pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mnansi wanga wina anamva za imfa ya mchimwene wake ali pampando wakumbuyo wa basi ya ku Matero, pakati pa anthu osawadziwa, atangotsegula foni kuti aone nthawi. Anakuwa, basi inaima, amayi awiri achilendo ndiwo anatsika naye n'kumukhazika pansi m'mbali mwa msewu mpaka mwamuna wake kufika. Amene anaika chithunzicho anali mnzake wa kuntchito wa malemuyo, munthu wabwinobwino, wongofuna kusonyeza chisoni chake. Sanadzifunse ngati abale onse amva. Ndipo kumanda, ku Chingwere kapena ku Leopards Hill, nthawi yoona nkhope ikakwana mafoni amakhala m'mwamba, ena kujambula malemu, ena kujambula namfedwa akugubuduka, ngati kuti misozi ya munthu ndi ya aliyense.

Sindikunena kuti foni ndi mdani. Magulu a WhatsApp a maliro athandiza mabanja ambiri kusonkha ndalama ya bokosi ndi ya chakudya tsiku limodzi, ndipo mwana amene ali ku Johannesburg kapena ku London amatha kutumiza chipepeso ndi kuonerera mwambo woika mayi ake pamene tikiti yamukanika. Zimenezo n'zabwino. Chofunika ndi lamulo lakale lomwe lija, litangolowa m'chida chatsopano: dikira eni ake ayambe kunena, ndipo usajambule munthu pa nthawi imene sangathe kukukaniza. N'chimodzimodzi ndi kuimba foni wamba. Kuimbira munthu ndi kufika pakhomo pake, ndiye pafunika odi. Upereke moni, unene dzina lako, ufunse ngati ali ndi mpata. Koma ambiri amaimba okha n'kuyamba ndi kufunsa kuti "ndiwe ndani?", ndipo ena amatumiza uthenga wopempha ndalama kwa azakhali amene sanawalonjere chaka chathunthu.

Pali kanthu kamodzi ka m'mawa uja ku Mtendere kamene bambo wonena za kasitomala uja sanakaone, chifukwa anafika nkhani ili pakati. Mnyamatayo asanaponye ndalama, mayi aja anali atayamba kale iwowo. Anati, "Mwauka bwanji, atate?" kwa mwana woti akanatha kukhala mdzukulu wawo. Iye sanamve chifukwa cha mahedifoni. Sabata yotsatira ndinawafunsa ngati sanadandaule kutaya malonda aja. Anandiuza kuti amadzuka 4 koloko kupita ku Soweto kukapikula, amakhala pa kantembapo mpaka mdima, ndipo pali masiku amene kuyambira m'mawa mawu okha amene amamva kwa anthu ndi "zingati?" ndi "mwadulitsa." K20 anaifuna ndithu, anatero, lendi ikudikira. Tili m'kati mocheza panafika kamtsikana ka yunifolomu ya sukulu, kakupuma mwawefuwefu. Kanapinda maondo pang'ono n'kuti, "Mwachoma bwanji, ambuya? Amayi akuti muwapatseko anyezi wa K5." Mayiwo anayankha moniwo, anafunsa ngati chifuwa cha amake chatsika, anaika anyezi m'pulasitiki n'kuponyamo tomato mmodzi wa mbasela. Kamtsikanako kanalandira ndi manja awiri n'kuthamanga kubwerera kwawo.